Mwana sawerenga dzina la tchanelo, amawerenga mtundu

Loweruka lapitali ndinali kwa achemwali anga ku Chilomoni. Kamwana kawo ka zaka zinayi kanabwera ndi rimoti n'kundiika m'manja: "Ankolo, ndiikireni ya olenji." Ine kufunsa kuti ya olenji iti, kanandiyang'ana ngati munthu wosapita kusukulu, n'kulanda rimotiyo, n'kuyamba kudina kokha. Kanadutsa mpira, kanadutsa nkhani, kanadutsa azibusa, mpaka kanaima pa Nickelodeon. Kamwanaka a e i o u sikanamalize kumudziwa. Chimene kanaona ndi kachizindikiro ka pakona pa TV, basi.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganizira za ma logo a matchanelo a ana, ndipo maganizo anga ndi awa: ma logo amenewa akamasinthidwa, kawirikawiri sasinthidwira mwana. Amasinthidwira a mu ofesi, ndipo masiku ano amasinthidwiranso ife makolo amene timatulutsa ndalama mwezi ukatha. Cha mwana pa nkhani yonseyi ndi chimodzi chokha, mtundu, ndipo eni matchanelo ochenjera amadziwa kuti chimenecho sachigwira.

Taonani za Nickelodeon yemweyo. Inayamba ku America pa 1 Epulo 1979, ndipo zaka zoyambirira inkangosinthasintha nkhope ngati birimankhwe. Mu 1981 anaika mpira wa siliva wokhala ndi zilembo zamawangamawanga, wojambulidwa ndi Lou Dorfsman, katswiri wa ku kampani ya TV ya CBS. Unali wokongola ndithu, koma wokongola mwachikulu, ngati chikho chopatsa wopambana gofu. Tchaneloyo sinkaoneredwa kwenikweni. Mu 1984 eni ake anaitana Fred Seibert ndi Alan Goodman, anthu amene anali atathandiza kale kuumba maonekedwe a MTV, ndipo iwowa anagwira ntchito ndi ojambula awiri, Tom Corey ndi Scott Nash. Chimene anatulutsa mu Okutobala chaka chimenecho, kwa ine, ndi nzeru yoposa zonse zimene zachitikapo pa nkhani ya ma logo a ana. Anangokhazikitsa zinthu ziwiri: mtundu wa olenji, ndi dzina lolembedwa ndi zilembo zoyera zonenepa. Kaumbidwe kake anakasiya komasuka. Lero dzinalo likhala pa fupa la galu, mawa pa phazi, mkuja pa ndege, tsiku lina pa chinthu chooneka ngati penti wamwazika pakhoma. Maonekedwe anachuluka mpaka kufika m'mazana, koma aliyense ankadziwa kuti ndi tchanelo yomweyo.

Ganizirani bwino pamenepo. Makampani ambiri amasunga logo yawo ngati dzira, pali ndi kabuku konse ka malamulo koti musaipendeketse, musaitambasule, musaiike pafupi ndi chakuti. Awa anachita zotembenuza, anapanga logo yoti iziseweretsedwa. Mwana amamvetsa zimenezo chifukwa ndi mmene iye amachitira ndi dothi: dothi lomwelo lero ndi ng'ombe, mawa ndi galimoto. Pa maonekedwe onsewo, amene anatchuka kwambiri ndi a penti womwazika aja, amene eni ake amawatcha splat.

Zinakhala choncho zaka 25. Pa 28 Seputembala 2009 anachotsa zonsezo n'kuika dzina lokha, la zilembo zing'onozing'ono zozungulira bwino, laukhondo ngati la banki. Chifukwa chake ndi chimene chimandiseketsa. Pofika nthawiyo kampaniyo inali ndi matchanelo angapo, iliyonse ndi chizindikiro chakechake, ndipo mkulu wake wa nthawiyo, mayi Cyma Zarghami, anafotokoza kuti atayesa kuika zizindikiro zonsezo pa business card imodzi zinaoneka zosalongosoka. Tsiku lomwelo tchanelo ya Noggin inasanduka Nick Jr., ya The N inasanduka TeenNick, onse n'kuvala yunifolomu imodzi. Sindikunena kuti nzeruyo inali yopusa pa bizinesi, ayi. Munthu wogulitsa malo otsatsirapo malonda amafuna kuti wogula aone kuti onsewa ndi ana a nyumba imodzi. Koma ndiuzeni, ndi mwana uti wa zaka zinayi amene anadandaulapo za business card? Chisankhocho chinapangidwa ndi akuluakulu pofuna kuthetsa vuto la akuluakulu.

Komabe olenji sanamugwire. Ndi chifukwa chake kamwana ka achemwali anga, kobadwa zaka zoposa khumi chichotsedwereni splat, kamadziwabe kuti yake ndi ya olenji.

Ndiye mu Malichi 2023, pa nthawi ya mphoto zawo za Kids' Choice Awards, splat uja anabwerera. Zilembo ndi za 2009 zomwe zija, koma kumbuyo kwake kwabwera penti womwazika wokonzedwanso. Anthu pa intaneti anasangalala, misozi ili m'maso. Anthu ake ati? Tawerengerani nokha. Mwana amene anali ndi zaka 8 mu 1995, pofika 2023 anali ndi zaka 36. Ameneyo ndiye mwini rimoti tsopano, ndiye amalipira dikoda, ndiye amasankha app yoika pa foni. Mwana wa lero splat wakale sanamuonepo, sangamusowe. Nyambo ija anaponyera bambo ake ndi mayi ake, ndipo tinaimeza mosangalala.

Cartoon Network nayo nkhani yake ndi yofananako, koma imandionetsa china. Inayamba pa 1 Okutobala 1992, kampani ya Ted Turner itagula kampani yopanga makatuni ya Hanna-Barbera chaka cha 1991 n'kupezeka kuti ili ndi nkhokwe ya makatuni yosowa poonetsera. Logo yake yoyamba inali ngati bolodi ya drafuti, timabokosi takuda ndi toyera. Mwayi wake unali woti mawu awiri a dzinalo ali ndi zilembo 7 aliwonse, ndiye anangondanditsa timabokosi 7 pamwamba, 7 pansi, 14 tonse pamodzi, n'kukwanirana ndendende. Mu Juni 2004 anadula zonsezo n'kutsala ndi timabokosi tiwiri topendekeka, C ndi N. Mu Meyi 2010 anatiwongola n'kukhala tiwiri timene tikuona lerofe. Kuchoka pa 14 kufika pa 2.

Apa chifukwa chake n'chooneka ndi maso. Logo ya tchanelo siikhalanso yongobwera pakati pa mapulogalamu n'kuchoka; imakhala pakona nthawi yonse, kuti wodutsa ndi rimoti adziwe pamene wafika, komanso kuti wojambula pulogalamuyo n'kukaiika kwina asabise kumene waitenga. Timabokosi 14 ukatifinyira pakona sitiwerengeka. Ndipo mafoni amakono atabwera, malo anacheperatu: chizindikiro chiyenera kukwana pa kabokosi kochepa ngati chikhadabo. Ndiye ma logo onse akhala akuonda chaka ndi chaka. Disney Channel, imene inayamba mu 1983 ndi mutu wonse wa Mickey Mouse, pofika 2014 mutuwo unali utachepa mpaka kusanduka kadontho ka pamwamba pa "i". Koma onaninso kuti Cartoon Network, pa kusintha konseko, chakuda ndi choyera sinachisiye.

Chimene ine chimandiwawa si logo yeniyeniyo. Ndi tizinthu tija tinkabwera pakati pa katuni ndi katuni, ta masekondi khumi kapena khumi ndi asanu. Mu 2004 muja, Cartoon Network inapangitsa ku kampani ya Animal Logic ya ku Sydney mzinda wathunthu wa pa kompyuta, momwe zidole za m'makatuni osiyanasiyana zinkakhalira limodzi. Uyu akudikira basi, uyo ali mu shopu, wina akuchapa zovala, anthu oti m'makatuni awo sakumana n'komwe. Kwa mwana, zimenezo zinkatanthauza kuti katuni ikatha anzake aja sanafe, angoweruka, ali kwawo kuseri kwa galasi. Disney nayo inali ndi kake: wosewera wachinyamata amatchula dzina lake, n'kujambula makutu a Mickey m'malere ndi kandodo kowala. Ana angati anaima pagalasi ndi mswachi kapena mthiko kuyeserera zimenezo? Tizinthu timeneti nditimene tinkachititsa kuti tchanelo ikhale ngati mudzi woti ukhoza kupitako, osati paipi yongotulutsa makatuni. Kupanga kwake n'kodula, ndipo sitigulitsa kanthu mwachindunji, ndiye kampani ikayamba kumanga lamba timakhala toyambirira kuchotsedwa. Pa YouTube palibiretu. Vidiyo ikatha, ina yalowa kale usanaphethire.

Pali anzanga ena amene anganene kuti ankolo inu mukungolira ubwana wanu, logo ilibe mlandu. Akunena zoona, theka lake. Tchanelo ya ana ndi bizinesi yachilendo, chifukwa makasitomala ake onse amaithawa pakatha zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, n'kubwera ena atsopano osadziwa kanthu za dzulo. Wogulitsa sopo akasintha pepala amaopa agogo amene akhala akugula sopoyo zaka makumi atatu. Wa tchanelo ya ana alibe agogo otero. Aliyense amakhulupirira kuti logo "yeniyeni" ndi imene inalipo iye ali sitandade 3, ndipo amene anakula ndi zilembo za 2009 zija nawonso adzalira tsiku lina zikadzachotsedwa. Zimenezo ndikuvomera. Koma theka linalo ndi loti si kusintha konse kumene kuli kwa penti chabe.

Chitsanzo chinaoneka pa DStv. Mu Malichi 2023, Boomerang ya ku Africa kuno, pa nambala 302, inasanduka Cartoonito. Ambiri anangoona ngati asintha dzina ndi mitundu. Koma Boomerang inabadwa ngati nyumba ya makatuni akale, oti kholo ndi mwana aonere limodzi, pomwe Cartoonito ndi dzina limene kampaniyo imagwiritsa ntchito pa ana aang'ono kwambiri, a msinkhu wa ku mkaka. Chikwangwani chikasintha chonchi, ndiye kuti ndi katundu wa m'sitolomo akusinthanso. Ku Britain, CITV, imene ana akumeneko anayamba kuidziwa mu 1983 ndi dzina loti Children's ITV, tchanelo yake inatsekedwa mu Seputembala 2023 ndipo mapulogalamu anasamutsidwira pa intaneti, pa ITVX. Chaka chomwecho BBC inaveka CBeebies ndi CBBC, matchanelo ake a ana amene anayamba mu 2002, ma logo ofanana ndi a nyumba yonse ya BBC, kuti zizioneka bwino zikandandalikidwa pa iPlayer, malo ake oonerapo pa intaneti. Kholo lochenjera likaona logo ya tchanelo ya mwana wake yasintha, likhale pansi madzulo amodzi n'kuonera nawo, lione ngati zam'katimo zidakali za msinkhu wake. Nthawi zambiri logo yatsopano ndi kalata yochokera kwa eni kampani, yonena kumene ndalama zikulowera.

Ife a kuno tinabwera mochedwa pa gule ameneyu. TVM inayamba mu 1999, ndipo ambirife makatuni tinkaonera pawindo la aneba, kapena kukhala pansi pa simenti titasambitsidwa kaye mapazi. Tchanelo ya ana okhaokha inali nkhani ya m'nyumba zokhala ndi dishi. Ena tinadziwa YoTV ya pa SABC 1 kudzera m'madikoda aulere aja asanatsekedwe. Ndiye sindinganame kuti ndinakula ndi mpira wa siliva wa 1981. Koma chimene chimandidandaulitsa ndi mapulogalamu a ana opangidwa kwathu kuno. Ambiri alibe nkhope yawoyawo. Chaka chino chikwangwani chakumbuyo ndi chobiriwira chifukwa wothandiza ndi ndalama mtundu wake ndi wobiriwira. Chaka chamawa wabwera wina, zonse zasanduka zofiira, kanyimbo koyambira nako kasintha. Mwana agwira chiyani? Sitingapikisane ndi a ku America pa ndalama, koma kusankha mtundu umodzi, kanyimbo kamodzi ndi kachidole kamodzi n'kukhala nazo zaka khumi sikufuna madola. Kumafuna kuuma mutu pang'ono pamaso pa wothandizayo.

Ndisanamizire kuti zonsezi n'zachifundo. Mtundu umene umathandiza mwana kupeza tchanelo yake ndi womwewo umene umamukokera ku chikwama cha sukulu mu msika wa Limbe, chenicheni kapena chabodza, iye n'kugwa pansi kulira kuti akufuna chomwecho. Amene anasankha olenji mu 1984 ankadziwa kuti akulankhula ndi munthu wosadziwa kuwerenga, ndipo munthu wotero sungamunyengerere ndi mawu. Umamugwira ndi maso. Ine ndimasilira luso lake, kwinaku ndikugwira thumba langa.

Madzulo a Lowerukalo magetsi anathima katuni ili pakati. Kamwana kaja sikanalire n'komwe. Kanatsika pampando, n'kubwera kudzandigwira bondo, maso ali pa thumba la malaya anga.

"Ankolo, ndibwerekeni foni. Ndikufuna yofiira ija."