Wophunzira kujambula nyumba tizimuyesa pa section, osati pa chithunzi chokongola

Masiku ano ukatsegula Facebook supita patali usanakumane ndi chithunzi cha nyumba yojambulidwa pakompyuta: magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, kapinga wobiriwira, galimoto yoyera itaima pageti, m'munsi mwake mawu oti pulani ilipo pamtengo wotsika. Ambiri mwa ojambula zimenezi ndi achinyamata amene akuphunzira architectural technology kapena angomaliza kumene, ndipo SketchUp, pulogalamu yojambulira zithunzi zoterezi, amaidziwa ndithu, sindikuwanyoza ayi. Koma maganizo anga ndi akuti chithunzi chotere ndi kachigawo kochepetsetsa ka maphunziro amenewa, ndipo wophunzira amene nthawi yake yonse ikuthera pamenepo akudzibera yekha.

Ntchito ya technologist ndi kutenga ganizo la nyumba n'kulisandutsa mapepala oti munthu angamangire. Architect amalingalira kaonekedwe ndi kayalidwe ka zipinda, injiniya amawerengera zitsulo ndi kulemera kwa katundu, koma wina ayenera kujambula pomwe khoma likukumana ndi denga, pomwe zenera lakhala pakhoma, pomwe paipi yakuchimbudzi ikutulukira. N'chifukwa chake maphunziro ake amadzaza ndi zinthu zomwe ana asukulu amati n'zotopetsa: construction technology, materials, structures, building services, surveying, malamulo a zomangamanga. Kaya muli ku MUBAS ku Chichiri, yomwe akuluakulu timaitchulabe kuti Poly, kaya kukoleji ina, mitu yake imazungulira pomwepa.

Pulani ya 1:100 aliyense angaijambule, ngakhale mwininyumba amatha kuilemba ndi kamtengo pansi. Section ndiye nkhani ina. Apa umaidula nyumba pakati kuchokera kudenga mpaka pansi pa fandeshoni, ndipo chilichonse chimene sukuchidziwa chimaonekera poyera. Fandeshoni yalowa pansi bwanji, ndipo dothi lake ndi lotani? Katondo wa ku Lilongwe si makande a ku Chikwawa kapena kuchigwa cha Phalombe, omwe amafufuma mvula ikagwa n'kung'aluka m'chilimwe, nyumba n'kumang'aluka nawo. DPC, pulasitiki yakuda ija yotchinga chinyontho kuti chisakwere m'khoma, iyenera kukhala mamilimita osachepera 150 pamwamba pa nthaka. Ukaiiwala kapena ukaitsitsa, pakangotha dzinja limodzi penti wayamba kusupuka m'munsi mwa khoma, m'chipinda muli fungo la chinyontho, zovala m'kabati zachita nkhungu. Nanga mankhwala a chiswe athiridwa asanathire silabu? Lintala, mtanda wa pamwamba pa chitseko kapena zenera, yakhala pakhoma motalika bwanji mbali zonse ziwiri? Mafunso amenewa amayankhidwa pa detail, chojambula chokulitsa kachigawo kamodzi ka nyumba, ya 1:10 kapena 1:5, pepala lomwe palibe amene angaliike pa status.

Pa denga ndiye ndimati aphunzitsi asamachite chifundo pochonga. Chaka ndi chaka mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo timamva kuti madenga a sukulu ndi matchalitchi asasuka. Kawirikawiri malata amakhala abwinobwino, vuto n'lakuti matabwa a denga anangowasanjika pakhoma, osawamangirira ndi waya kapena hoop iron wolowa mizere ingapo ya njerwa kapena wogwira mu ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma. Ndi kamzere kamodzi papepala ndi mawu ochepa olembedwa pambali pake. Wophunzira amene wajambula denga lopanda kamzere kameneka sayenera kukhoza, ngakhale mitengo ya m'chithunzi chake ikugwedezeka ndi mphepo.

Dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley. Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu December 2009, nyumba zambirimbiri zinagwa kapena kung'aluka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. Zoterezi siziyenera kukhala ndime imodzi kumapeto kwa notsi. Ziyenera kulowa mu studio, phunziro lomwe ophunzira amajambuliramo nyumba: apa pali malo otsetsereka, madzi akuchokera uku, jambula ngalande, jambula khoma lotchinga dothi ndi timabowo totulutsira madzi, tiuze chifukwa chake nyumbayi waiika apa osati apo. Mabuku ambiri amene timaphunzirira analembedwera ku Britain, amataya masamba pa cavity wall, khoma la mizere iwiri lokhala ndi mpata pakati, ndi kusunga kutentha m'nyumba. N'zabwino kuzidziwa, makamaka kwa amene adzakagwire ntchito kunja. Koma ife tili kummwera kwa equator, m'mwezi wa June dzuwa limadzera chakumpoto, ndipo lomwe limaotcha chipinda ndi la masana lochokera kumadzulo. Khonde, denga lotuluka bwino kunja kwa khoma ndi mawindo oyang'anizana kuti mphepo idutse zimagwira ntchito ngakhale magetsi atazima. Magalasi aakulu oyang'ana kumadzulo ku Salima kapena ku Mangochi ndi uvuni.

Za njerwa nazo. Kuyambira 2018 malamulo a NCIC, bungwe loona za zomangamanga, analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndiye mabuloko a simenti ndi ma SSB, njerwa zadothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikizidwa pamakina, ndizo zili patsogolo. Buloko ili ndi muyezo wake, ndipo wojambula amene sauganizira amachititsa kuti amisiri azingodula mabuloko pakona iliyonse, zidutswa zili mbwee, ndalama za mwini zikupita. Wophunzira aumbeko yekha buloko, aithirire madzi, aione ikuphwanyidwa mu labu. Akadzamva munthu akunena kuti thumba limodzi la simenti latulutsa mabuloko ochuluka modabwitsa, adzadziwa kuti si nkhani yosangalalira.

Ndipo pali phunziro lina lomwe silioneka pa timetable: kulankhula ndi amisiri. Nyumba zambiri kuno zimamangidwa ndi bambo amene anaphunzira ntchito pogwira, ena anadzera ku TEVETA, ndipo ambiri amadziwa zinthu zomwe mwana wa chaka chachitatu sanazilote. Ukafika pa site ndi chipewa choyera n'kumangoti one to six, one two four, sizikuthandiza. Umayenera kunena kuti, “Bambo, apa tiyeze ndi ndowa imodzimodziyo, ya simenti imodzi, za mchenga sikisi, tisayezere fosholo.” Umayenera kufotokoza chifukwa chake konkire imathiriridwa madzi kwa sabata yathunthu, komanso kuti mphamvu yake timaiwerengera pa masiku 28, mwaulemu, kuti mawa ukachoka apitirize kuthirira. Attachment ya mu ofesi yokhayokha, kumangosintha mitundu ya mizere mu AutoCAD, siphunzitsa zimenezi.

Ndikudziwa zomwe ena anene: kasitomala amalipira chithunzi, salipira section, ndipo mwana wasukulu akufunika ndalama ya lendi, bandulo ndi kupulinta mapepala a A1. N'zoona, jambulani zithunzizo, pezani kangachepe. Mapulogalamu a Revit ndi ArchiCAD nawo phunzirani mwakhama, chifukwa maofesi akuwafuna. Kungoti Revit imakutulutsira section m'kanthawi kochepa, yooneka yaukhondo, koma mkati mwake mumakhala zimene iwe waikamo. Ngati sukudziwa pomwe DPC ikhale, nayonso sidziwa.

Ndikanakhala ndi mphamvu pa silabasi, chaka choyamba ndikanachedwetsa laputopu. Aliyense atenge tepi, pensulo ndi bolodi, akayeze nyumba yoima kale n'kuijambula yonse ndi manja. A ku Blantyre ali ndi mwayi: tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe David Clement Scott anamanga ndi amisiri akuno pakati pa 1888 ndi 1891 ndi njerwa zoumbidwa pomwepo, chikuonetsa mmene arch ya njerwa imasenzera katundu. Akachoka kumeneko apite ku Ndirande kapena ku Bangwe, akapemphe kuyeza nyumba wamba ya zipinda zitatu yomwe khoma lake lang'aluka, alembe chomwe chalakwika ndi mtengo wokonzera. Mamalikisi a studio ndikanawagawa kuti theka lonse likhale pa section ndi ma detail, ndipo tsiku la crit, loonetsa ntchito kuti iunikidwe, pagulu la ochonga pazikhalanso foromani mmodzi wochokera pa site.