Abusa, gome si bwalo la milandu

Lamulungu lapitali ndinatuluka m'tchalitchi nditakwiya, ndipo mpaka lero mtima wanga sunatsike. Abusa athu anatsegula 3 Yohane, pa nkhani ya Diotrefe wofuna kukhala wamkulu pa anzake, n'kukhala pomwepo pafupifupi ola lathunthu, koma aliyense ankadziwa kuti Diotrefe wake anali mkulu wa mpingo amene anakhala pa benchi ya akulu atapinda manja, maso ali kudenga. Mkuluyu ndi wovutadi, sindikumuikira kumbuyo. Makiyi a vesitile amayenda nawo m'thumba, ndalama za masika sizituluka iye asanagwedeze mutu, ndipo pa seshoni, bwalo la abusa ndi akulu a mpingo, amalankhula ngati kuti tchalitchili anachita kusiyiridwa ndi bambo ake, mwina chifukwa chakuti ndiye anagula malata onse aja.

Komabe abusa, munthu wovuta samulangizira pa gome. Muitaneni kunyumba kwanu, mumuuze maso ndi maso monga mmene Mateyu 18 ikunenera. Akakana, tengani akulu anzake, pakuti 1 Timoteo 5:19 salola mlandu wa mkulu popanda mboni ziwiri kapena zitatu, ndipo akaumitsabe mutu, seshoni ilipo, presibitale yoyang'anira mipingo ya m'dera iliponso, ndipo mabwalo amenewa anaikidwira zomwezi. Ena andiuza kuti vesi 20 ikuti olakwa adzudzulidwe pamaso pa onse. Inde, koma kumeneko n'kudzudzula munthu amene mlandu wake wamveka, osati kumuponyera miyala mobisalira kuseri kwa Baibulo, pamalo pamene iye sangaimirire n'kuyankha.

Kunena mosabisa, uku ndi mantha. Mbusa amene amabangula pa gome koma pa seshoni n'kumangoti "zikomo bambo, tamva" akuopa munthu, ndipo ife amene takhala m'mabenchi timaona. Mukuganiza kuti khoswe wakhala pa mkhate, ndiye mukuopa kuti mukamenya muswa chopereka. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo inu munadzozedwa kuti muwete nkhosa zonse, zogunda zomwe. Mkulu uja Lolemba anadzuka makiyi ali m'thumba momwemo, palibe chimene chinasintha, kupatula kuti tsopano mpingo wagawanika, ena akuti abusa alasa, ena akuti abusa anyoza munthu wamkulu. Pafupi ndi ine panakhala mayi amene anaika mwamuna wake m'manda sabata ziwiri zapitazo, anabwera kudzamva mawu otonthoza, koma anabwerera ndi mkangano wa makiyi.

Nanunso akulu ena a mpingo mukundinyansa. Pa seshoni mumakhala duu ngati mwamwa phala lotentha, mnzanu akupondereza abusa inu mukuyang'ana pansi, koma mukangotuluka, pansi pa mtengo wa mango paja, ndiye pakamwa pamatseguka mpaka nsima kuzizira kunyumba.