Fuloti ikatha, banki ya m'dera lathu imatseka

Kwa anthu ambiri a ku Mtandire, Chinsapo, Ndirande kapena Mbayani, banki ndi mtsikana uja wakhala pansi pa ambulera, kathebulo kutsogolo, mafoni awiri ndi kabuku kolembamo manambala. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, mabanki nawonso anabwera ndi maejenti awo: NBS ndi Bank Pafupi, FDH ndi Banki Pakhomo. Mayi wogulitsa tomato ku Ndirande sakutayanso theka la tsiku ndi ndalama ya minibasi kukaima pamzere m'tauni kuti asungitse K10,000. Izi ndimaziyamikira ndi mtima wonse.

Koma mufunse anthu ngati akukhutira, mudzamva dandaulo limodzi: fuloti, ndalama zimene ejenti amagwirira ntchito, za m'foni ndi za m'manja. Ejenti amagwira ntchito ndi mpamba wake. Mukaikitsa ndalama, ya m'foni mwake imachepa, ya m'manja n'kuchuluka. Mukatapa, ya m'manja ndiyo imachepa. Tsono kumapeto kwa mwezi m'madera mwathu muno aliyense amafuna kutapa: alonda alandira, antchito a m'nyumba alandira, achibale a ku Joni atumiza. Dzuwa lisanalowe kachikwama ka ejenti kaphwa. Mayi amene mwana wake watentha thupi amayenda ambulera ndi ambulera, kulikonse akumuuza kuti "ndilibe kashi, amayi". Wina amuuza kuti atape theka, theka linalo akatape kutsogolo. Ndiye kuti alipira chaji kawiri, ndalama yomwe anaipeza atakhala tsiku lonse padzuwa.

Ine ejentiyo sindimuimba mlandu. Komishoni yake ndi yochepa. Sangasunge ndalama zambiri pamtetete, akuba ali pomwepo. Kuti akasinthe fuloti ayenera kutseka, kukwera minibasi, makasitomala n'kumabwerera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera, anthu anayamba kutapa zambiri kuti agule zomwezo, koma mpamba wa ejenti unatsala pomwepo. Netiweki ikaduka ndalama itachoka m'foni koma osafika, amene amatukwanidwa ndi iyeyo, pomwe mphamvu yoibweza alibe.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti ntchito yonseyi yaima pa kukhulupirika kwa anthu amenewa. Agogo osadziwa kuwerenga amapereka foni, n'kunong'oneza ngakhale nambala yachinsinsi kuti "mwanawe ndichitire". N'zoopsa, koma alibe njira ina. Maejenti ambiri samawabera ngakhale tambala, ndipo ndi iwowo amene amachenjeza anthu za akathyali oimba foni n'kumati "mwalandira ndalama molakwika, bwezani".

Ndiye makampani a mafoni ndi mabanki, musamangowerenga maakaunti otsegulidwa. Kongozani maejenti fuloti, makamaka masiku a malipiro. Ikani malo osinthira fuloti m'misika ya m'madera momwemo, osati m'tauni mokha. Chaji iliyonse ilembedwe m'Chichewa pamalo oonekera. Nawo a Reserve Bank of Malawi aonetsetse kuti ndalama yokakamira mu netiweki ikubwezedwa msanga, chifukwa wogulitsa makala sangadikire sabata yonse mpamba wake uli m'malere, m'mawa ayenera kukapikula.