Moto wa m'dambo suzima ndi masamba

Ana inu a ku Kasungu, makamaka okhala m'malire a paki, tamverani. Okutobala akafika mumatenga machesi ndi makasu kukasaka mbewa m'dambo, udzu n'kupsa, inu n'kubwerako ndi timbewa khumi pa kamtengo. Moto munausiya uja mukudziwa kumene unalowera?

Dambo silifanana paliponse. Pena ndi makande, koma pamene pamatumphuka kasupe chaka chonse pamakhala dothi lakuda bii, lofewa ngati siponji, loti ukaponda limanjenjemera. Limeneli ndi udzu, mizu ndi mlulu zomwe zinafera m'madzi osawola bwinobwino chifukwa chosowa mpweya. Akatswiri amalitcha peat, ndipo limakwera pafupifupi milimita imodzi yokha pa chaka. Ndiye kuti masentimita 10 amene khasu limadula kamodzi ndi ntchito ya zaka 100. Dothi limeneli ndi limene limamwa mvula ya Januwale n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, kuti Dwangwa, Lingadzi ndi Bua azipezako madzi.

Cholakwa chimayamba ndi ngalande. Munthu akufuna dimba kapena nazale ya fodya, akukumba ngalande yofika m'chiuno kuti madzi achoke. Dothi lija likauma limasanduka nkhuni. Moto ukadutsa pamwamba umatsika potsata mizu ndi mauna a mbewa, n'kumanyeka pansi popanda lawi, milungu ingapo. Mudzauzindikira m'mamawa: kautsi koyera kakufuka pansi pooneka ngati pozima, fungo lokhakha pakhosi, ndi phulusa lofiirira. Pamwamba pamaoneka polimba koma kunsi ndi mphako ya makala. Ng'ombe imatitimiramo mwendo, ndipo mwana wothamangira mbuzi wopanda nsapato amapsa mpaka m'akakolo.

Moto wotere kuukwapula ndi masamba n'kutaya nthawi. Kumbani mchera kuzungulira malo onse ofunda, mutsike mpaka mupeze dongo, mchenga kapena dothi lonyowa. Kenako thirani madzi ambiri mukutakasa ndi khasu mpaka pakhale phala lamatope, chifukwa peat youma imakana madzi, amangoyenderera pamwamba. Bwererani m'mawa uliwonse kwa sabata, muziyesa kutentha ndi kuseri kwa dzanja. Ngalande zakale zitsekeni ndi zikhomo, udzu ndi dongo lotsendera bwino, malo angapo motsatizana, kuyambira kumtunda. Bulugama m'dambo ayi, amamwa madzi usiku ndi usana.

Zimandiwawa kuona dambo lomwe munkagona mphoyo, momwe nantchengwa ankatola achule ndipo katumbu ankasaka milamba, lero lili fumbi lokhalokha. Paki ya Kasungu inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo mu 2022 inalandira njovu 263 zochokera ku Liwonde. Njovu imodzi yaikulu imatha kumwa malita oposa 100 pa tsiku. Moto wanu sudziwa malire a paki. Madambo a m'katimo akauma, njovuzo zidzafuna madzi kuti, ngati si pa zitsime ndi madimba anu omwe?

A mfumu, nkhaniyi ifike pabwalo mvula isanathe, pamene udzu udakali wauwisi. Mugwirizane za kulambula malire a dambo mu Meyi ndi Juni, ndipo wopezeka atayatsa moto m'dambo akalipe kwanu, ngakhale atakhala mphwanu weniweni.