Dyera lilipo ndithu, koma pa chimfine tikulifuna polakwika

June akangofika kuno ku Kasungu, mphepo n'kuyamba kulowa m'mafupa, nkhani imakhala yomweyomweyo m'magulupu a WhatsApp: akuti mankhwala ochiziratu chimfine alipo, koma makampani anawatsekera m'kabati kuti tizingogula Panado ndi timankhwala ta chifuwa chaka ndi chaka. Ine ndikukana. Sikuti ndimawakonda makampaniwo ayi. Mlimi wa fodya amene anaonapo belo lake likubwezedwa ku okushoni safunika sukulu yomuphunzitsa za dyera.

Koma tiyeni tiwerengere ngati amalonda. Munthu wamkulu amadwala chimfine kawiri kapena katatu pachaka, ana kuposa pamenepo, kaya ndi ku Santhe kaya ndi ku London. Kampani imene ingatulukire piritsi lothetsa chimfine tsiku limodzi idzamugulitsa munthu yemweyo chaka chino, chaka chamawa, mpaka atakalamba, poti chimfine sichitsazika. Ndi wamalonda uti angakwirire chuma chotero? Ndipo makampaniwa si apachibale. Wina akabisa, mnzake wa ku India atulutsa mawa lake, monga inachitira Cipla mu 2001 pamene inatsitsa ma ARV kufika pa madola 350 pachaka, ena akugulitsa madola oposa 10,000.

Onani zimene inachita kampani ya Gilead mu 2013 ndi sofosbuvir, mankhwala ochiza matenda a chiwindi a hepatitis C. Inabisa? Ayi. Inawaika pamsika ku America pa madola 1,000 piritsi limodzi, 84,000 kuti umalize milungu 12. Adyera akapeza mankhwala a anthu a ndalama, amangokweza mtengo basi.

Vuto la chimfine ndi lakuti si matenda amodzi. Mavairasi amene amabweretsa mamina ndi kuyetsemulaku ndi oposa 200. Banja limodzi lokha, la rhinovirus, lili ndi mitundu pafupifupi 160. Katemera ali ngati kuwaonetsa alonda chithunzi cha wakuba kuti akadzabwera adzamuzindikire. Kwa chikuku zimatheka, chifukwa wakubayo nkhope yake ndi imodzi. Nanga akuba 160, aliyense ndi nkhope yake, kuphatikizapo azisuweni awo a mabanja ena? N'chifukwa chake umachira sabata ino, mwana n'kubwera nacho china kuchokera kusukulu, iwe n'kuyambiranso.

Chinanso n'chakuti chimfine chimathamanga. Pamene ukumva kukhosi kukanda, kachilomboko kaswana kale, ndipo pakatha masiku 7 mpaka 10 thupi limakhala lathana nako lokha. Mankhwala a matenda otha okha ayenera kukhala osavulaza ngakhale pang'ono. Wodwala khansa amalola tsitsi kusosoka bola apulumuke, koma palibe angalole zotero pofuna kuuma mamina. Mu 2002 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linakana mankhwala a chimfine otchedwa pleconaril. Ankafupikitsa chimfine ndi tsiku limodzi chabe, koma ankasokoneza mapiritsi olera. Amayi, inu mukanasankha chiyani pamenepo?

Kwa amene amati ndi makampani okha akutchinga: ku Salisbury, ku England, kunali malo a boma otchedwa Common Cold Unit, amene anatsegulidwa mu 1946. Anthu ankadzipereka okha kukakhala kumeneko masiku 10, madokotala n'kumawadonthezera kachilombo m'mphuno, kenaka n'kumawerenga timapepala tomwe aminira. Anachita zimenezo zaka zoposa 40 ndi ndalama za msonkho. Anaphunzira zambiri, ngakhale coronavirus ya anthu anaizindikira komweko cha mu 1965, koma mankhwala a chimfine anatseka malowo asanawapeze.

Tsono ngati mukufuna kuona mankhwala amene anatsekeredwadi m'kabati, musapite kutali. Funsani anthu okhala m'mphepete mwa Kasungu National Park, kapena ku Nkhotakota ndi ku Vwaza, za kaodzera, matenda obwera ndi kashembe. Amenewa sakutha okha. Ukapanda kulandira chithandizo umafa. Kwa zaka zambirimbiri, matendawa akafika ku ubongo, chomwe achipatala anali nacho ndi melarsoprol, jekeseni wa mu 1949 wokhala ndi poizoni wa arsenic, woti pa odwala 20 aliwonse pafupifupi mmodzi ankaphedwa ndi mankhwalawo. Pamene izi zinkachitika, mankhwala ena otchedwa fexinidazole, amene kampani ya Hoechst inayamba kuwafufuza m'zaka za m'ma 1970, anali atangosiyidwa osapitirizidwa. Anakawafukula ndi a DNDi, bungwe losafuna phindu. Anawayesa kwa odwala a ku Rumphi ndi ku Uganda, ndipo mu December 2023 ndi pamene akatswiri a ku Ulaya anavomereza kuti mapiritsiwa angachize mtundu wa kaodzera umene tili nawo kuno. Werengani nokha zaka zimene zinadutsapo.

Ya eflornithine ndiye imandiwawa. Mankhwalawa amachiza kaodzera wa ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa, koma mu 1995 analeka kuwapanga poti odwala ake analibe ndalama. Anabwereranso cha mu 2001, zitadziwika kuti mankhwala omwewo akugulitsidwa m'mayiko olemera ngati mafuta ochepetsa ndevu kumaso kwa amayi. Ndevu zinapeza msika, moyo wa msodzi wa ku Congo unalibe. Apa ndiye pofunika kukwiyira. Chimfine amadwala ndi mabwana omwe, ndipo akanakhala nawo mankhwala akanayamba kumwa okha.

Amene akudyerera chimfine chathu tili nawo konkuno. Pitani tsiku la msika pa trading centre iliyonse. Mupeza kathebulo, apa mabatire, apa mankhwala a makoswe, pakati makapisozi a amoxicillin ndi Bactrim m'kapepala ka pulasitiki, atawombedwa dzuwa kuyambira m'mawa. Ukangoti "achimwene, chimfine chandipanikiza," akupatsa anayi, awiri pompano awiri madzulo. Mankhwala amenewo ndi opha mabakiteriya, vairasi samukhudza n'komwe. Pakatha masiku angapo wachira, monga ukanachirira ndi tiyi wa mandimu ndi bulangete, koma ulemu wapita kwa makapisozi. Mabakiteriya a m'thupi mwako ndiye aphunzirapo kupirira, ndipo amoxicillin yemweyo ndi amene achipatala amadalira mwana akabwera ndi chibayo, nthiti zikulowa m'kati popuma.

Mwana wotero, kapena wotentha thupi kwambiri, musamufukize bulugamu n'kumadikira kuti ndi chimfine. Thamangani naye akamuyeze, poti ndi malungo omwe amayamba chonchi.