Chenjezo kwa inu okonda nyimbo zoitanira ndi zithunzi zaulere

Lamulungu lapitali alamu anga anafika pakhomo panga misozi ikulengeza. Dzulo lake anagula mayunitsi a K3,000 kuti aimbire mwana wawo ku Johannesburg, koma pofika m'mawa foni inali itauma, osaimbira munthu ngakhale mmodzi. Titafufuza tinapeza kuti mdzukulu wawo analowa pa tsamba lina la pa intaneti lolonjeza ma ringtone ndi ma wallpaper aulere. Tsambalo linapempha nambala, mwanayo analemba. Kunabwera meseji ya manambala achinsinsi, mwanayo analowetsa. Basi, agogo analembetsedwa ku zinthu zowadula mayunitsi tsiku ndi tsiku, chonsecho chifukwa cha chithunzi cha mkango!

Anthuni, nzeru mwasiya kuti? Munthu wosamudziwa atakuimitsani mumsika wa Limbe n'kunena kuti mumupatse nambala yanu kuti akupatseni chithunzi, mungamupatse? Nanga pa foni chala chimathamangiranji kudina? App ya zithunzi ikupempha kuwerenga mameseji anu, inu mukuvomera. Ikupempha mayina onse a m'foni, inu mukuvomera. Chithunzi cha maluwa chikufuna mameseji anu kuti chitani nawo? Si foni yomweyo ili ndi Airtel Money kapena Mpamba, mmene mwasunga fizi ya ana ndi ndalama ya feteleza?

Musandiuze kuti munatenga pa Play Store ndiye ndi zabwino. Mu 2020 a Google eni ake analengeza kuti anachotsa ma app oposa 1,700 okhala ndi pulogalamu yakuba yotchedwa Joker, imene imalembetsa anthu mwakabisira ku zinthu zolipira. Ngati mbala zimayesa kulowa m'sitolo ya alonda, kuli bwanji ka link kamene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp, kotsegula masamba asanu a zamaliseche ndi zajuga musanaione n'komwe nyimboyo?

Ndipo nyimbo zakezo! Mwezi watha tili pamaliro, abusa ali pakati pa ulaliki, foni ya bambo wina wa imvi zake inalira nyimbo yotukwana, namfedwa ali pomwepo. Bamboyo anapapasa matumba onse, thukuta kamukamu, osadziwa pozimitsira. Akuti anamuikira ndi mwana wake. Ndinachita manyazi ngati foniyo ndi yanga.

Makolonu ndinu amene mukundipweteka mtima kwambiri. Mumapereka foni kwa mwana kuti asiye kulira, mawa mukukalalatira wogulitsa mayunitsi kuti wakuberani. Wakuberani ndi iyeyo? Foni ili ndi kamera, jambulani mwana wanu kapena munda wanu muike pagalasipo. Nyimbo zoitanira zinabwera kale ndi foniyo.

Alamu anga sabata yonseyi sanamve mawu a mwana wawo. Chotsani zonyansazo m'mafonimo lero lomwe, ndipo lekani kudinadina ngati ana.