Agent sawerenga code yanu, amawerenga description

Zandikwiyitsa kwambiri. Pali seva ya MCP (njira yolumikizira AI ndi mapulogalamu ena) yomwe anthu akupatsana, ndipo ili ndi tool, ntchito yomwe AI ingaitane, yotchedwa update_order. Description yake yonse, yomwe imafotokozera AI ntchito ya tool, ndi mawu awiri a Chingerezi ongonena kuti imasintha oda. Basi. Agent, pulogalamu ya AI yogwira ntchito m'malo mwa munthu, atapemphedwa kusintha adiresi ya kasitomala, anatumiza adiresi yokhayo, tool n'kufufuta zina zonse zomwe sizinatumizidwe, nambala ya foni ndi kuchuluka kwa katundu komwe. Ndiye wolemba sevayo akuti model, AI yomwe imaganizira agent, ndi yopusa. Ayi! Ndani anaiuza kuti tool imeneyi imalembanso rekodi yonse?

Tiyeni timvane. Mu MCP, yomwe Anthropic inatulutsa mu November 2024, model imaona zinthu zitatu za tool yanu: dzina, description, ndi inputSchema, mndandanda wa zomwe tool imalandira, yolembedwa mu JSON Schema. Code yanu siiona. README yanu siiona. Zomwe munakambirana ndi anzanu pa Slack sizidziwa. Chomwe simunalembe m'malo atatu amenewa, kwa model kulibe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga model ikafunse kuti, pamene inu munatseka laputopu kalekale? Phulalo mwaidyetsa ndinu.

N'chifukwa chake ndimakana munthu akamati description yake ili bwino chifukwa iye waiwerenga n'kuimva. Inde mwaimva, poti code munalemba ndinu. Mutu wanu ukudzaza mipata yomwe mawuwo asiya. Woyenera kuweruza ndi amene sanaonepo code imeneyo.

Description yeniyeni imanena chomwe tool imachita, nthawi yoigwiritsa ntchito, komanso nthawi yoti isagwiritsidwe ntchito. Chachitatuchi ndi chomwe ambiri amadumpha. Ngati muli ndi get_order ndi search_orders, lembani poyera kuti yoyamba imafuna nambala ya oda, ndipo ngati muli ndi dzina la kasitomala lokha yambani ndi yachiwiri. Mukapanda kutero model idzapeka nambala. Ngakhale malangizo a Anthropic amati tool iliyonse ikhale ndi ziganizo zosachepera zitatu kapena zinayi, inu mukulemba mawu awiri!

Pa ma parameter, zinthu zomwe model imadzaza poitana tool, m'pomwe ndalama za anthu zimapsera. Mwalemba amount, mtundu wake integer. Ndi madola kapena masenti? Ku Stripe, kampani yolipirira pa intaneti, 1000 amatanthauza madola 10, chifukwa amawerenga m'masenti. Model ikaganiza molakwika, kasitomala walipitsidwa kuchulukitsa ka 100 kapena kuchepetsa ka 100. Mwalemba date, mtundu wake string. Kodi 03/04/2025 ndi 4 March ngati ku America kapena 3 April ngati ku Britain? Nenani kuti ISO 8601, perekani chitsanzo 2025-04-03, nenaninso ngati nthawi ndi ya UTC. Ngati status imalandira mawu anayi okha, aikeni mu enum, mndandanda wa mawu ololedwa, musasiye model izilota. Zofunika ziikeni mu required, ndipo pa zosakakamiza nenani chomwe chimachitika zikasiyidwa. Nkhani yonse ya update_order ija inali chiganizo chimodzi chosowa: zomwe simunatumize zifufutidwa.

Ndikudziwa, ambiri amangotulutsa ma tool kuchokera ku fayilo ya OpenAPI, yofotokozera mapulogalamu momwe angaitanire seva, chifukwa cha changu. Chimenecho si chowiringula.

Ndipo tool yomwe imafufuta, kutumiza uthenga kapena kulipiritsa, inene zimenezo m'mawu, kutinso sizibwezeka. MCP ili ndi readOnlyHint (imangowerenga), destructiveHint (ikhoza kufufuta) ndi idempotentHint (kuibwereza sikusintha kanthu). Ziikeni, koma dziwani kuti ndi zizindikiro chabe, sizitchinga chilichonse, ndipo si pulogalamu iliyonse yomwe imazifikitsa kwa model. Ngati kuitana tool kawiri kumalipiritsa kawiri, lembani mu description, chifukwa agent akaona kuti yankho lachedwa amayesanso.

Mukufuna kudziwa ngati description yanu ndi yabwino? Lekani kuiyang'ana, iyeseni. Lembani mapempho 20 kapena 30 momwe anthu amalankhuliradi, osati momwe inu mumatchulira zinthu mu code. Ikanimo ena omwe ma tool awiri akufanana, ndi ena omwe safuna tool iliyonse. Perekani kwa model ma tool onse pamodzi, chifukwa tool imaoneka yomveka ikakhala yokha, chisokonezo chimabwera ikakhala pakati pa zinzake. Pempho lililonse liyendetseni kasanu, poti model siyankha chimodzimodzi nthawi zonse. Werengani kangati yasankha tool yolakwika, kangati yadzaza parameter molakwika, kangati yaitana tool popanda chifukwa. Sinthani chiganizo chimodzi, yendetsaninso. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudzadziwa chomwe chathandiza. Manambala amenewo ndiwo chiweruzo, osati kukongola kwa Chingerezi chanu.

Komanso inu amene tool yanu ikalephera imangobweza "Error 500", mukufuna agent atani nazo? Muuzeni kuti tsiku lalembedwa molakwika ndipo lilembedwe motani, adzakonza yekha. Nanunso obweza mizere 5,000 ya JSON pa funso lofuna mizere itatu, ma token amenewo, tizidutswa ta mawu tomwe model imawerenga, akulipira ndi munthu wina. Ikani limit.